Burashi ya a Tomasi pa Pasipoti ya Amake Hazel

Mu Kapata monse, m'tauni ya Chipata, munalibe wolemba zikwangwani woposa a Tomasi Jere. Dzina la golosale akalilemba iwo, ngakhale wosaphunzira ankaima n'kuliyang'ana. Nthenda yawo inali imodzi: sankauzidwa.

Mwana wawo woyamba, Hazel, anakwatiwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo anali ndi pakati poyamba, potopa kale. Pakati potere pamafuna mayi wako pafupi, woti asambitse khanda ndi kukhala nawe m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Choncho akazi a Tomasi, a Mainess, anakadulitsa pasipoti.

Itatuluka, anapeza kuti kalaliki wina watembenuza manambala: m'malo mwa 1969 panali 1996. Pa pepala, mayi anali wamng'ono kwa mwana amene anam'bereka yekha.

A Mainess anati aibweze. Mlamu wawo Benson, yemwe ndi mphunzitsi ku Chiparamba, anafotokoza njira yake: kupita ndi chitupa cha rejisitireshoni, kulemba kalata yonena cholakwikacho, n'kudikira kuti eni ake akonze. Nthawi inalipo, masabata asanu ndi limodzi athunthu. Ine ndemwe, mnansi wawo, amene ndadzaza mapasipoti atatu ndi zidindo za Nakonde, Chirundu ndi Beitbridge, ndikanawauza chimodzimodzi. Koma ndani ankafunsa?

“Manambala awiri okha ndikaimire pamzere?” anatero a Tomasi. “Amake Hazel, ine ndalemba manambala pa malole opita ku Dar es Salaam. Bweretsa kuno.”

“Atate ake Hazel, ichi si chikwangwani.”

Sanamve. Anakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, napala pang'ono ndi lezala, nadontheza penti yoyera, nalemba 69 ndi kaburashi ka tsitsi zitatu. Kunena zoona, manambalawo anakongola kuposa a boma. Anazungulira nayo m'misika kuonetsa anzawo.

Tsiku la ulendo a Mainess anamanga mtedza wa ku Kasenengwa, mfutso ndi zitenje zinayi zoberekera mwana. Anakwera basi mpaka Lusaka, ina mpaka Livingstone, mapazi atatupa ngati mikate. Pa chipata cha Kazungula, mayi wa imigireshoni anatsegula pasipotiyo, naipendeketsa pa kuwala, napitisapo chala.

“Amayi, wakhudza apa ndani?”

A Mainess ananena zonse osabisa. Mayiyo anawamvera chisoni, koma anawauza kuti cholakwa cha kalaliki chikanakonzedwa mosavuta. Tsopano bukulo laonongedwa ndi dzanja la munthu, ndipo umenewo ndi mlandu. Pasipotiyo anailanda. Anawalembetsa mawu masana onse, nawamasula ataona kuti ndi mayi wosadziwa chinyengo. Basi inawoloka mlatho iwo akuiyang'ana, zitenje zili pamutu.

Atabwerera ku Chipata, njira inali itatalika kawiri. Panafunika kalata ya kupolisi, lumbiro pamaso pa woweruza, zithunzi zatsopano, ndi mzere womwe uja a Tomasi ankaunyoza. Anauima kasanu ndi kawiri, chipewa chili m'manja, kufotokozera mabwana aang'ono kwa mwana wawo chifukwa chimene anapentera katundu wa boma.

Khanda silinadikire. Linabadwa Lachitatu lina, Hazel ali ndi apongozi ake okha, omwe sankamvana nawo bwino ngakhale chilankhulo. Mchombo unagwa, mwana anatuluka m'chikuta, a Mainess akuonera pa foni yong'aluka galasi. Sanalire. Anangotenga zitenje zinayi zija n'kuziika pa tebulo la penti la amuna awo.

“Jambulanipo mdzukulu wanu,” anatero, “popeza inu mumatha zonse.”

A Tomasi anatola kaburashi kawo n'kukaika pambali. Pajatu akuluakulu anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.