Zitsime Zambiri, Madzi Ochepa

Panali munthu wina wokumba zitsime, dzina lake Dziwani. Ankakhala m'mudzi wina wa kuchigwa, kumene milambe imaima yokhayokha m'minda ndipo chilimwe chimatalika. Zitsime zonse za m'mudzimo anazikumba ndi iyeyo: china kuseri kwa tchalitchi, china kudimba, zina pamakomo a anthu.

Anali munthu wa mawu ochepa. Akatopa ndi piki, ankakhala pansi penipeni pa dzenje, n'kutsamira dothi lozizira, maso kumwamba. Kuchokera pansipo thambo linkaoneka laling'ono ngati mbale. Mtambo ukamadutsa, iye ankamva ngati dzenjelo ndi limene likuyenda, likumutenga pang'onopang'ono kupita naye kutali.

Ali mnyamata anathyolako tiyi pa esiteti ina kumapiri, ndipo kumeneko anatolako Chingerezi. Atabwerera kumudzi analibe woyankhula naye. Chingerezicho chinangogona mwa iye zaka zambiri.

Chaka china mvula inagwa mwa apo ndi apo, n'kuleka msanga. Pofika mwezi wa Okutobala zitsime zinayamba kuphwa. Amayi ankaponya ndowa, ndowayo n'kukagunda pansi, n'kubwera ndi matope. Dziwani ankazidziwa zimenezi, koma sankafuna kuziganizira. Akamadutsa pa chitsime ankayang'ana pakamwa pake pomangidwa bwino ndi njerwa. M'kati sankasuzumiramo.

M'mawa wina kunafika galimoto yodzaza fumbi. Munatsika mayi wina wochokera ku Ghana, katswiri woboola mijigo. Gulu lake linali litatsala ndi mjigo umodzi woti liboole mvula isanayambe, ndipo iye ankayendera midzi kuti aone kumene ludzu lakula kwambiri. Womasulira wake anali atatsala kumsika wa kumsewu waukulu, akudwala malungo. Anthu atamva kuti mlendoyo sadziwa Chichewa, anakaitana Dziwani.

Anakumana pa chitsime cha m'mbali mwa msewu. Chimenechi ndicho chokha chimene chinkasonkhanitsa madzi usiku, ndipo nthawi imeneyo mayi wina anali atangotunga ndowa yodzaza, yoyamba ndi yomaliza ya tsikulo. Mlendo anayang'ana ndowayo, kenako anatembenukira kwa Dziwani.

"How much water do you have here?"

Dziwani anamva mawu onena za madzi, anamvanso mawu ofunsa kuchuluka. Koma maganizo ake anauluka. Zitsime zake zinayamba kudutsa m'maso mwake chimodzichimodzi: chimene anakumba ndi bambo ake asanamwalire, chimene anakumba chaka chimene anakwatira, chimene chinamugumukira mpaka m'chiuno. Anaziona zonse zitandandalikana ngati anthu obwera kudzamupatsa moni. Mtima wake unadzaza.

"Much," anayankha. "Very much."

Mlendoyo anamwetulira. Ananena kuti mudziwo unali ndi mwayi, poti midzi ina imene anadutsamo inali pa mavuto. Anamugwira chanza, anakwera galimoto, napita. Fumbi linatsala likuyandama pamsewu kwa kanthawi.

Masana dzuwa litafika paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo, mkazi wake Nankhoma anabwera kuchokera kudimba. Anachoka m'mamawa, koma ndowa imene anatula inali ndi madzi ongobisa pansi pake, ofiira ngati thobwa. Anakhala pakhonde, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Anali atamva kale za mlendoyo, ndipo anafunsa zimene anakambirana. Dziwani anafotokoza kuti mlendo anafunsa za kuchuluka, ndipo iye anamuuza kuti n'zambiri.

"Zambiri ziti, bambo?" anafunsa Nankhoma motsitsa mawu. "Zitsime kapena madzi?"

Dziwani anatenga chingwe, chikho ndi kabotolo, napita ku chitsime chakuya kuposa zonse. Anatsikira pansi, nakhala pamatope. Madzi ankachucha kuchokera pamng'alu wa thanthwe, dontho, kenako bata lalitali, kenako dontho lina. Anatchera chikho pamenepo n'kutseka maso.

M'kuwodzera kwake anapezeka ali kumapiri kuja. Nkhungu inali itakuta minda ya tiyi, ndipo masamba anali onyowa. Anaona kapitawo wawo wakale ataima pasikelo. Akamaloza madengu ondandalikidwa pamzere, kapitawoyo ankati many. Akamaloza mvula imene inkatsika m'phiri ngati chinsalu, ankati much. Madengu ankawakhudza limodzilimodzi ndi ndodo yake. Mvula sankaikhudza, ankangotambasula dzanja. Ndipo Dziwani anakumbukiranso nkhope ya munthuyo nyengo ya chilala. Akanena kuti a little rain, ankamwetulira, poti mvula yagwako ndithu. Akanena kuti little rain, ankapukusa mutu, poti imene yagwayo sithandiza kanthu.

Anatsegula maso. Chikho chinali chisanafike ndi pakati pomwe. Pamenepo anazindikira kuti mlendo uja anafunsa za chinthu chimene sichiwerengeka, ndipo iye anayankha akuwerenga zitsime mumtima. Anazindikiranso china chowawa kuposa pamenepo: kuti yankho lolakwalo linamukomera, chifukwa linabisa manyazi a zitsime zake.

Anakhuthulira madziwo m'kabotolo, nakwera kumtunda. Anayenda mudzi wonse, ndipo pa chitsime chilichonse anasuzumira m'kati, n'kutola kamwala kamodzi pakamwa pake. Timiyalato anatimanga m'kansanza. Anabwereka njinga kwa mlamu wake, nauyamba ulendo wa kumsewu waukulu, kumene womasulira wa mlendo uja anatsala.

Njira inali yaitali. Mpweya wotentha unkavina pamwamba pa nthaka, ndipo patsogolo pake msewu unkanyezimira ngati dziwe limene linkathawa iye akamayandikira. Kukhosi kunauma gwa. Kabotolo kankagunda m'thumba, koma sanakatsegule.

Anamupeza mlendoyo dzuwa litapendeka, atakhala pamthunzi wa mtengo wa mango kunja kwa nyumba ya alendo. Dziwani anatsika panjinga, navula chipewa. Anamasula kansanza kaja n'kuyala timiyala patebulo, kamodzikamodzi, kalikonse pamalo pake.

"Many wells," anatero.

Kenako anatulutsa kabotolo. Matope anali atadikha pansi, ndipo pamwamba panali timadzi tosakwana kumeza kawiri. Lilime lake linafuna kunena kuti a little, kuti zitsime zake zitsaleko ndi ulemu pang'ono. Anayang'ana kabotoloko, nakumbukira ndowa ya mkazi wake.

"Little water," anatero.

Mayiyo ananyamula kabotolo n'kukayang'ana padzuwa. Anafunsa ngati madziwo anachokera m'chitsime chimodzi, ndi nthawi imene anatenga kuti asonkhane. Dziwani anayankha ndi Chingerezi chake chothyokathyoka, kwinako akuloza ndi dzanja pamene dzuwa linali iye akutsikira m'chitsime ndi pamene linali iye akutulukamo. Mayiyo ananena kuti nayenso analakwa kukhulupirira ndowa imodzi ya m'mbali mwa msewu. Anaitanitsa madzi akumwa, namupatsa Dziwani, ndipo sanafunsenso kanthu mpaka atamaliza kumwa.

M'mawa mwake galimoto ija inabwereranso m'mudzimo. Dziwani anatsogolera mlendoyo pa chitsime chilichonse, ndipo pena paliponse ankaponya yekha ndowa kuti mayiyo amve kugunda kwake pansi pouma. Anthu ankaonerera. Iye sanabise chitsime ndi chimodzi chomwe.

Mitambo isanayambe kusonkhana, makina oboola anafika. Anaboola pansi kupyola pamene piki ya munthu ingafike. Tsiku limene mjigo unatulutsa madzi, Nankhoma anadzaza ndowa mpaka kusefukira, ndipo Dziwani anaika manja ake pansi pa mpopi, madzi n'kumadutsa pakati pa zala zake.

Inu amene mukuphunzira Chingerezi, imvani. M'chinenero chathu timati zitsime zambiri, madzi ambiri, ndipo mawu amodzi amatikwanira. Chingerezi chimafuna kuti muyambe mwaliyang'ana bwino dzina la chinthucho. Ngati mungathe kuchiyala kamodzikamodzi monga timiyala, madengu kapena mbuzi, nenani many zikachuluka, few zikachepa. Ngati n'chothira kapena choyeza monga madzi, ufa, mchenga ndi mvula, nenani much kapena little. Kachilembo kaja ka a musakaike mwachisawawa, chifukwa kamauza womvera kuti chinthucho chilipo ndithu. Posankha mawu amenewa mukusankhanso chimene mnzanuyo adzakhulupirire akamachoka. Munthu akakufunsani za madzi, musamuwerengere zitsime.