Tizilembo ta Pansi pa Pepala

Abale, kumudzi kwina, kumunsi kwa minda ya thonje, kunali bambo wina woyang'anira chitsime. Chaka china m'chilimwe kunabwera akatswiri a zamadzi. Anatunga madzi m'timabotolo, n'kupita. Patatha mwezi anatumiza pepala lachidindo, pamwamba pake zilembo zikuluzikulu: MADZI AWA NDI ABWINO. Bamboyo analikutira m'pulasitiki, n'kulikhomera pamtengo. Ankalinyadira ngati setifiketi ya mwana wake.

Mvula inadza yamphamvu, madzi a m'minda n'kusefukira m'chitsime. Madziwo atayeranso, pamalopo panangoti zii. Achule amene ankasokosa ngakhale masana analeka. Ena ankayandama chagada, mimba zoyera zili m'mwamba. Mbuzi zinkafika, kununkhiza, n'kubwerera chafutambuyo.

Mkazi wake anati, "Bambo, inetu ndikuopa. Mbuzi zikukana madziwa."

Iye anati, "Mbuzizo zinaphunzira kuti?"

Anthu ena anati, "Ng'ambani chipepalacho! Amabotolo aja ndiwo anatilodzera chitsime."

Bamboyo anapsa mtima. Dzuwa lili paliwombo anatunga chikho chodzaza, n'kumwa pamaso pa onse. Kenaka anazula pepala lija kuti awawerengere okayikawo, liwu ndi liwu. Aka kanali koyamba chala chake kufika pansi pa pepalalo. Kumeneko kunali tizilembo: "Tinayeza m'chilimwe. Madzi a m'minda yopopera mankhwala akalowa, musamwe kufikira tiyezenso."

Anawerenga mokweza, poti anali atayamba kale. Chikho chinali chikadali m'dzanja lake, chopanda kanthu.

Ine munthu uyu ndimamumvera chisoni. Atadwala, anthu anapita naye kuchipatala pangolo. Anachira ndithu, koma mpaka lero dzanja lija limanjenjemera.

Tsono tamverani, abale. Pepala silinaname. Mbuzinso sizinaname. Aja ofuna kuling'amba akanataya chenjezo lomwe likanawapulumutsa. Uyu wolipembedza sanalifunse kanthu, ndipo paja amati safunsa anadya phula. Mulungu amene anapatsa akatswiri nzeru ndi yemweyo anakupatsani maso. Akatswiri akakubweretserani zimene afufuza, musazinyoze, ndipo musazigwadire. Funsani kuti anayeza liti, anayeza chiyani, nanga eniakewo akuti pati sakudziwa. Wofufuza woona amalemba yekha pomwe nzeru zake zathera, kungoti amalemba m'tizilembo.

Fikitsani chala pansi, abale, chikho chisanafike pakamwa.