Lumo pa Mutu wa Nachisale

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali mkazi wina dzina lake Nachisale, amene tonsefe tinachokera mwa iye. Mwamuna wake anali Chikadza, mkamwini wochokera kutsidya kwa Bua. Awiriwa ankakondana mochititsa anthu manyazi. Mukudziwa mmene Chikadza ankapalirira? Udzu wonse ankachotsa, koma bonongwe ankamusiya pamzera, poti mkazi wake ankakonda ndiwo imeneyo. Alongo a mkaziyo ankamuseka: "Alamu, mukulima chimanga kapena mukuweta bonongwe?" Iye n'kumangomwetulira.

Chaka china, mvula itangoyamba, Chikadza anadandaula mutu m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atatsikira kuli chete. Amene anathamangira kukulunga mtembo mumphasa anali Zunguza, malume ake a Nachisale, mwini dimba lalikulu la m'kati mwa mabango. Potsanzika, Nachisale anagwira mphasayo, namva kuzizira konyowa ngati kwa thunthu la nthochi. Ananena? Sananene. Namfedwa amalankhula pamaliro? Nanga mwana angatsutse malume ake?

Patangopita masiku atatu, Zunguza anabwera ndi lumo.

"Mwana wa mlongo wanga, timete, maliro athe. Minda ikudikira."

"Malume, mtima wanga sunakhazikike."

"Mtima sulima, iwe. Weramitsa mutu."

Anaweramitsa. Tsitsi linagwa pansi, ana nalisesa kukataya kudzala.

Mwezi utatha, Nachisale anapita kukadula bango pafupi ndi dimba lija. Atasuzumira, anaona mizere yopalira bwino, udzu mulibe, koma pamzera uliwonse pali bonongwe. Pamzera uliwonse! Zunguza anali munthu wosagwira khasu. Nanga anapalira ndani?

Anathamangira kwa Nangondo, mayi wodziwa mankhwala wa kuseri kwa phiri, namufotokozera zonse.

"Munaika thunthu la nthochi m'manda," anatero Nangondo. "Mwamuna wako amusandutsa ndondocha. Amudula lilime, akulimira malume ako."

"Ndiye m'bwezeni, amayi! Ndikugwirani mwendo."

"Tavula mpango."

Atauvula, mayi uja anangogwira njakata. "Kalanga ine, mwana wanga. Munthu wotere amabwerera pogwira tsitsi la amene akumulira. Iwe unameta. Unavomera kuti maliro atha."

"Limeranso, amayi!"

"Limera, inde. Koma limene iye ankalidziwa lili kudzala."

Mukuyesa anabwerera kunyumba? Ayi. Dzuwa lili paliwombo analowa m'mabango, bango likumucheka m'mikono, mpaka anatulukira m'dimba. Anamupeza. Wowonda, tsitsi lotuwa ndi fumbi, khasu likungokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Anamuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Tiyese!"

Khasu osaima.

"Bambo a Tiyese, ndine, mkazi wanu!"

Khasu linaima. Chikadza anadzutsa nkhope, natambasula dzanja lake kumutu kwa mkaziyo. Zala zinayenda uku, zinayenda uko, zikufuna pogwira. Panalibe. Anatsegula pakamwa, koma munalibe chotulutsira mawu. Misozi yokha ndiyo inkatsika.

Nachisale anamugwira pamkono n'kumukoka. Anayenda, anayenda, koma atafika m'malire a dimba miyendo ya Chikadza inalefuka. Anagwa, nabwerera chokwawa ku khasu lake. Katatu anamukoka, katatu anabwerera.

Nachisale atakauza abale ake, iwo anati chisoni chamuzunguza mutu. Mawa lake anawakakamiza kupita naye, koma anangopeza mapazi m'matope, Zunguza atamusamutsa kale Chikadza. Nachisale anayenda madimba onse a chigwa chino, chaka ndi chaka, akuitana m'mabango, mpaka msana unapindika. Sanamuonenso.

N'chifukwa chake, ana inu, kwathu kuno sitiika munthu mkazi wake asanaone nkhope. Ndipo lumo silikhudza mutu wa namfedwa, kaya alamule ndi malume, kaya minda imere thengo, kufikira mwini wake atanena ndi pakamwa pake kuti, "Tsopano metani."