Kalata Imene Inakana Kufufutika

Mukhulupirire, mukane, ine mesenjala wa Sitandade 4 ndinagwetsa tcheyamani ndi chala chake chomwe.

Bungwe lathu la alimi limasunga fayilo iliyonse pa intaneti ku makampani atatu, koma tcheyamani, a Kamtedza, ankadziwa imodzi yokha. Alimi atalemba kalata yowachotsa pampando, a Kamtedza anandiitana: "Fufuta kalata yondichotsa pampando ija, apo ayi ntchito yako yatha."

"Bwana, zazikulu chonchi zimafuna dzina la wamkulu. Lowani ndi lanu, mudine nokha."

Anadina akumwetulira.

Pamsonkhano anafunsa mokweza, "Kalatayo ili kuti?"

Ndinaitsegula ku kampani yachiwiri. Kampani yoyamba ija inaonetsa dzina la wofufuta.

"Bwana, yatsala yachitatu. Mudinanso?"

Anathawira pawindo. Chabwino, zapawindozo ndapeka ndine. Anatulukira pakhomo, koma chipewa anachiiwala.