Mamendulo Atatu M'thumba la Nsalu

Panali mayi wina, Nangondo, amene ankagwira ntchito m'nyumba yosulira mamendulo. Ntchito yake inali yotsiriza pa zonse. Mendulo ikatuluka m'chikombole, iye ankaisalaza ndi tupa, kuipukuta mpaka iwale, n'kuiika m'kabokosi kake. Adachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Chaka china kudabwera ntchito yaikulu. Mayiko ambiri adapangana mpikisano wa othamanga osaona, ndipo mamendulo a opambana adayenera kuchokera m'nyumba imeneyi. Mwini ntchito adaitana wojambula wophunzira kunja. Wojambulayo adatulutsa chinthu chokongola ndithu: dzuwa likusuzumira kuseri kwa phiri, mbalame ili m'mwamba. Mendulo ya golide, ya siliva ndi ya mkuwa zidatuluka m'chikombole chimodzi. Kukula kunali kumodzi, kulemera kumodzi, pakuti golide ndi siliva zidangokutidwa pamwamba. Zinkasiyana maonekedwe okha.

Nthawi inali itatha, ndipo mwini ntchito adanena poyera kuti wochedwetsa katunduyo asadzaonekenso m'mawa mwake.

Nangondo adasalaza mamendulo onse. Atafika poti awaike m'mabokosi, adaima. Adatola atatu napita nawo kwa wojambula uja.

“Bwana, awa sindiwatsekera.”

“Alakwika pati, amayi?”

“Kwa inu ndi ine palibe cholakwika. Nanga eni ake adzawasiyanitsa bwanji?”

Wojambula adaseka. “Adzawauza pa chimkuzamawu. Inu pukutani basi, zojambula tisiyireni ife amene tidapita kusukulu yake.”

Mwini ntchito adamva, nabwera. “Mayi Nangondo, galimoto ikufika madzulo ano. Zaka zonse zija musazitaye chifukwa cha makani.”

Nangondo sadatsutse. Adatenga thumba limene ankasungiramo nsalu zopukutira, nakhuthula nsaluzo pansi. Adaponyamo mamendulo atatu aja, nagwedeza, natambasulira wojambula thumbalo.

“Pisani dzanja, bwana, osasuzumira. Nditulutsireni ya golide. Mukaitulutsa, nditsekera mabokosi onse, ndipo mawa simundiona.”

Wojambula adapisa dzanja akumwetulira. Zala zake zidayenda pa dzuwa, pa phiri, pa mbalame. Adagwira yachiwiri, napeza dzuwa lomwelo. Yachitatu, chimodzimodzi. Dzanja lidakhalitsa m'thumbamo, kenaka lidatuluka lopanda kanthu.

Pamenepo Nangondo adalankhula motsitsa mawu.

“Chimkuzamawu chimalankhula tsiku limodzi lokha. Mwana wa eni akabwerera kwao ndi mamendulo awiri kapena atatu, azidzaitana munthu nthawi zonse kuti, ‘Kodi iyi ndi iti?’ Bambo a kunyumba kwanga maso adasiya kuona zaka zisanu zapitazo. Chitini cha mchere ndidachimanga chingwe cha mfundo imodzi, cha shuga mfundo ziwiri. Sikuti sindingawapatsire ndi manja anga. Koma munthu wamkulu kufunsa kumamutopetsa.”

Wojambula adati, “Amayi, chikombole chatsopano sichingatheke lero.”

“Chikombole sindichifuna. Ndili ndi tupa.”

Adakhala pa benchi yake, nagoba kamzere kamodzi m'mphepete mwa ya golide, timizere tiwiri pa ya siliva, titatu pa ya mkuwa. Adasalaza pamene adagobapo kuti pasacheke chala. Mamendulo anali ambiri, dzanja linali limodzi. Wojambula adavula jekete yake, nakoka mpando.

“Amayi, tupa amaigwira bwanji?”

Nangondo adamugwira dzanja namuonetsa. Mwini ntchito adatuluka panja, nauza wa galimoto kuti adzabwere mawa. Za kuchotsa munthu ntchito sadatchulenso.

Mpikisanowo Nangondo sadauone. Koma mtsikana wina wa dziko lakutali, wa chilankhulo chimene Nangondo sadachimvepo, adapambana mamendulo awiri osiyana, ndipo pomuveka adamuuza tanthauzo la timizereto. Patapita miyezi kudafika alendo kwao, nafuna kuona mendulo ya golide. Amayi ake adanyamuka kuti akaitenge. Mtsikanayo adawagwira mkono nati, “Khalani, amayi. Ndikatenga ndekha.” Adalowa kuchipinda, nayendetsa chala m'mphepete mwa iyi ndi iyo, natuluka nayo yoyenera m'manja.

Tsono inu amene mukundimvera, mumapereka zambiri kwa okalamba anu, kwa odwala ndi kwa osowa, ndipo mumachita bwino. Koma mphatso isamakomere maso a wopereka okha. Musanaipereke, imani pamene padzaime wolandirayo, muigwire monga adzaigwirire iye. Ngati thandizo lanu limusiya akuitana munthu tsiku ndi tsiku, ntchito simunaimalize. Mpatseni chimene angathe kudzitengera yekha, kenaka khalani pansi mumulole akatenge.