Wa Kumapeto kwa Mzere

Panali munthu wina, mmisiri wokonza zigayo. Analibe malo oti n'kuwatcha kwawo. Kumene injini yafa n'kumene ankagona. Mwezi uno ali ku Nsundwe, mwezi wamawa ku Jenda, kenako mungomva kuti amuona ku Thondwe atakoleka chikwama cha masipanala paphewa, malaya ali mbuu ndi ufa wa eni. Mkazi wake anachoka kalekale. Sipanakhale ndewu ayi, anangotopa kudikira. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo munthuyu anakhala mame moyo wake wonse. Dzuwa likamakwera, iye wapita.

Chimene ankachikonda chinali kujambula zithunzi. Palibe anamuphunzitsa. Anakulira masiku aja chithunzi chili chinthu chodikirira, pamene wojambula ankabwera pa njinga, anthu n'kusamba, n'kubwerekana jekete, n'kuima chilili kutsogolo kwa nsalu ya maluwa. Chithunzicho chikabwera, mudzi wonse unkachipatsirana m'manja mpaka chinkada m'mphepete. Masiku amenewo anapita. Iye anatsala ndi foni yong'aluka galasi pakona, yodzaza zithunzi zimene palibe anazionapo.

Mwini chigayo wina ku Lizulu ndiye anamulowetsa pagulu la pa WhatsApp la anthu okonda kujambula. Munali aphunzitsi, anamwino, eni magolosale, onse ongodziphunzitsa okha. Mkulu wa gululo anali a Dzonzi, mphunzitsi wopuma pantchito. Lolemba lililonse a Dzonzi ankapereka mutu: sabata ino Madzi, sabata inayo Manja, inayo Msewu. Aliyense ankaponya chithunzi chimodzi, ndipo Lamlungu dzuwa likamalowa a Dzonzi ankatseka.

Lamulo linali limodzi lokha. Usanaponye chithunzi chako, uyambe wanenapo kanthu pa chithunzi cha amene waponya patsogolo pako. A Dzonzi ankati zili ngati anthu opatsirana njerwa pomanga sukulu: ukapereka kwa wa kutsogolo, wa kumbuyo akupatsa iwe. Onse anati lamulolo ndi lanzeru.

Mmisiri uja ankachedwa nthawi zonse. Kumene kumafera zigayo netiweki imavuta, ndipo mkati mwa sabata manja ake ankakhala a girisi. Lamlungu masana, injini zitazima, ankakwera pachulu kapena pamulu wa njerwa n'kukweza foni m'mwamba. Kwa wa patsogolo pake ankangolemba kuti zabwino, nthawi zina chithunzicho chisanatseguke n'komwe. Ambiri pagulupo ankatero. Wina ankangoika kachizindikiro ka chala chachikulu, wina ka kamoto, wina kuti mwatha bwana, basi ngongole ya lamulo yatha.

Koma pambuyo pa mmisiriyo pankabwera munthu mmodzi, yemweyemweyo sabata ndi sabata. Anali mayi wina, a Nachisale. Palibe ankadziwa kwawo, ngakhale nkhope yawo. Ankafika dzuwa litapendeka, a Dzonzi atatsala pang'ono kutseka. Ndipo iwowa sankadziwa kulemba kuti zabwino.

Sabata ya Madzi mmisiri anajambula mjigo. A Nachisale anati kuwala kwa pandowa kunali kokoma, koma mjigowo unapendama ngati wochokera ku mowa. Kodi pojambula anaima ndi mwendo umodzi? Sabata ya Manja anajambula mayi akupeta. A Nachisale anati mankhusu ouluka anawagwira bwino, koma zala za mayiyo anazisiya kuti, poti mutu ndi manja? Sabata ya Msewu anamuuza kuti thambo lachuluka, msewu wachepa, awerame pang'ono, mawondo si a boma.

Mmisiri ankapsa mtima. Ankayika foni m'thumba n'kunena yekha kuti mayi ameneyu akudziona ngati ndani. Koma madzulo, akumwa tiyi yekha m'tiyirumu, ankaitulutsanso n'kuwerenganso mawu aja. Ndipo pang'onopang'ono anayamba kuima mowongoka. Anayamba kuwerama. Akakweza foni ankamva ngati wina waima pambali pake, akuyang'ana kumene iye akuyang'ana. Sankachitcha ubwenzi chimenecho. Ankachitcha chipongwe. Koma sabata yonse ankayenda nacho, ndipo msewu unkafupika.

Ndiye inafika sabata ya mutu wakuti Mnansi. Nthawi imeneyo n'kuti ali ku Mkanda. Anajambula amayi ali pamzere pachigayo m'mawa, matumba ali pamutu, fumbi la ufa likuwala ndi dzuwa ngati utsi. Anaima patali, kuseri kwa ngolo, kuti asamuone. Mumtima mwake ankadziwa kuti sanajambulepo chokongola chotero. Anaponya Lamlungu masana, nakhala pachulu pomwepo kudikira.

A Nachisale anabwera nthawi yawo. Anayamikira fumbi lija, anayamikira mzere wa matumba. Kenaka analemba kuti:

"Koma amisiri, ndakhala ndikuona zithunzi zanu zonse. Anthu mumawajambula kunkhongo, muli patali. Sindinaonepo nkhope. Kodi kumene mukhalako simupereka moni?"

Wina pagulupo anaika kankhope koseka. Winanso anaika.

Mmisiri anatsika pachulu. Akanamunena za mjigo, za thambo, akanapirira. Koma apa sanamunene chithunzi, anamunena iye. Anali munthu wodziwa dzina la chitsulo chilichonse m'chigayo, koma osadziwa dzina la mayi amene ankamuphikira tiyi mwezi wathunthu. Ndipo wina anachiona chimenecho, nachinena pa anthu. Analemba yankho laukali, nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Kenaka anapeza njira yosafuna mawu.

Lolemba a Dzonzi atangopereka mutu, iye anasiya injini ili chiphwasulire, najambula chimene chinali pafupi, nayenda mtunda kukafuna netiweki. Anaponya ali m'gulu la oyambirira. Pambuyo pake panabwera mwini golosale wina, amene analemba kuti mwaiphula bwana, naika timoto titatu. Mtima wa mmisiri unakhala pansi. Anati eya, anthu aulemu alipo. Kuyambira pamenepo Lolemba linakhala tsiku lake. Akaponya, n'kulandira timoto take, gululo sankalitsegulanso mpaka Lolemba linalo.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno. Iye anachoka ku Mkanda, anapita ku Nkhamenya, anabwerera kumwera. Zithunzi zake zonse zinali zabwino. Chopendama chinali chabwino, chakuda chinali chabwino. Akakweza foni sankamvanso munthu pambali pake. Ankangodina.

Tsiku lina mutu unali Mvula. Iye anali atajambula mitambo itaunjikana pamwamba pa phiri. Koma m'foni momwemo munalinso chithunzi cha bering'i yophwanyika, chimene ankafuna kutumiza kwa wogulitsa zitsulo m'tauni. Dzuwa linali kumuthobwa m'maso, chala chinali cha girisi. Anaponya bering'i ija pagulu. Anazindikira atafika kale kuchigayo, kopanda netiweki, ndipo tsiku lonse anagwira ntchito manyazi akumudya. Ankaganiza mmene anthu akumusekera.

M'mawa mwake anathamangira kumtunda kuti akapepese. Anapeza pansi pa bering'i yake pali chala chachikulu, timoto, ndi mawu a wa pambuyo pake: zabwino kwambiri bwana, mvula yake yeniyeni.

Anakhala pansi pamwala. Palibe anamuseka, pakuti palibe anatsegula. Miyezi yonseyi ankaponya zithunzi m'chitsime chouma, n'kumamva mawu ake omwe akubwerera.

Pamenepo anayamba kuwafuna a Nachisale. Anatsetsereka ndi chala kubwerera m'mbuyo, kudutsa masabata amene sanawawerenge. Lamlungu lapitalo panalibe. Linzake panalibe. Anakwerabe mpaka anawapeza. Sabata imeneyo anali atalembera mnyamata wina wa ku banki za chithunzi chake, mofatsa, chabwino ndi cholakwika, monga ankachitira. Mnyamatayo anayankha kuti mayi, ife timangosangalala pano, si sukulu ino. Pansi pake panali kamzere kotuwa kakang'ono, konena kuti a Nachisale achoka pagulu. Palibe anafunsa. Uthenga wotsatira unali wa a Dzonzi, wakuti tatseka, mutu watsopano mawa.

Ndipo mmisiri anaona chinthu chimene sanachiganizepo, chimene ngakhale a Dzonzi ndi nzeru zawo sanachiganize. Mzere wa njerwa uli ndi mapeto. Wa kumapeto amapereka, koma kumbuyo kwake kulibe womupatsa. Anakwera sabata ndi sabata, kufikira masiku a mjigo uja. Pansi pa chithunzi chilichonse cha a Nachisale panalibe liwu, panalibe ngakhale chala. Pankangotsatira tatseka. Iyenso, amene ankadikira mawu awo ngati mvula yoyamba, anali asanatsegulepo chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Lamulo silinkamukakamiza.

Anazitsegula tsopano, chimodzichimodzi. Madzi: beseni lili pansi, thambo likuoneka m'kati mwake. Msewu: kanjira kochoka pakhomo, kukalowa m'chinangwa. Manja: dzanja lawo lomwe, lowonda, lili pabondo. Zonse zinajambulidwa pamalo amodzi, chapansi, ngati munthu wakhala pamphasa. M'mphepete mwa chilichonse munkaoneka nsanamira yomweyo ya khonde, ndipo mwa zina munkaoneka ndodo ziwiri zoyendera zitatsamira nsanamirayo. Mayi amene ankamuuza kuti awerame, asunthe, ayandikire, iwo sankachoka pakhonde. Chigayo cha ku Mkanda, mijigo, misewu ya fumbi, ankaziona kudzera mwa iye. N'chifukwa chake ankayang'anitsitsa chotero. N'chifukwa chake ankafuna nkhope.

Chithunzi chawo cha Mnansi chinali cha mayi wina akudutsa pakanjira kaja ndi mtolo wa nkhuni. Anali atatembenuka, akuseka, dzanja lili m'mwamba.

Mmisiri anatenga nambala yawo nawalembera paokha. Anayamba ndi moni, monga munthu wofika pakhomo. Anatchula dzina lake ndi kumene anali. Kenaka anawauza zimene anaona, chithunzi ndi chithunzi, chabwino ndi cholakwika, osabisa. Anati beseni lija analidula m'mphepete, koma thambo la m'madzi sadzaliiwala. Anati kanjira kaja kanada, akanadikira dzuwa lisunthe. Pomaliza analemba kuti:

"Mayi, funso lanu lija sindinayankhe. Ayi, sindinkapereka moni. Muli bwanji kumeneko?"

Uthengawo unapita n'kuima ndi tiki imodzi, kusonyeza kuti sunafike. Anadikira pamwalapo mpaka mthunzi unasuntha. Mawa lake anakweranso. Anayesa kuimba, foni inali yozima. Anafunsa a Dzonzi. Iwo anati sakuwadziwa mayiwo, anawalowetsa ndi namwino wina amene anachoka pagulu kalekale. Mwina foni inawonongeka, mwina anasintha nambala, ndani angadziwe. Mmisiri anasamuka, nakonza chigayo china, nasamukanso. Paliponse pamene wapeza netiweki ankayamba wayang'ana. Tiki inakhalabe imodzi.

Lolemba linafika, iye sanaponye. Anadikira sabata yonse. Lamlungu dzuwa litapendeka, onse ataponya, anakwera pachulu. Wa patsogolo pake anali mtsikana wina watsopano, amene ankachedwa chifukwa cha manyazi. Mmisiri anatsegula chithunzi chake, nachiyang'ana nthawi yaitali, namuuza zoona, zokoma ndi zowawa. Kenaka anaponya chake. Pansi pake sipanabwere kanthu koma tatseka ya a Dzonzi. Anakhalabe pachulupo kanthawi, foni ili m'manja, kumva mmene pamazizirira pamalo pamene mayi aja anakhala nthawi yonse ija. Ndipo malo amenewo sanawasiyenso.

Inu amene mukumva, wokuuzani zabwino asanatsegule maso wakupatsani ulemu, koma wakusiyani nokha. Wakutsina khutu ndi mnansi, pakuti kuti akutsine wayamba wayandikira. Akakupwetekani, musathamangire kumene kuli timoto. Tembenukani mumuone. Mwina iyeyo waima kumapeto kwa mzere, atanyamula chake m'manja, ndipo kumbuyo kwake kulibe munthu. Muuzeni chimene mwaona foni yake ikadali yoyaka.