Kalipentala ndi Tebulo la Mbawa

Panali munthu wina wokalamba, a Gama, amene anagwira ntchito ya ukalipentala zaka makumi asanu. Ntchitoyi anaiphunzira pa mishoni ali mnyamata. Atakalamba manja anayamba kunjenjemera, ndipo anapachika sowo. Koma maso ndi mphuno zinali zikadali zakuthwa. Thabwa ankalidziwa monga mlimi adziwira nthaka ya m'munda mwake.

Mwana wawo wamkazi, Nagama, anali ndi kasitolo ku Lilongwe kogulitsa zinthu zamakedzana: simbi za makala, nyali za galasi, makina osokera opukusa pamanja, ndi zina zotere zimene makolo athu anazisamala ife n'kuzitaya kuseri kwa nkhokwe. Malonda ankayenda mokwawa.

Tsiku lina kusitoloko kunafika bwana wina amene ankamanga nyumba yogona alendo. Anali munthu wa konkuno, mchombo wake unagwera m'dziko lomwe lino. Anati akufuna tebulo limodzi lalikulu loika pofikira alendo, koma likhale lochokera kutsidya kwa nyanja, lobwera ndi azungu oyambirira.

"Za amisiri a kuno ayi," anatero. "Mukalipeza pofika Loweruka, zipinda zonse makumi awiri mudzakongoletsa ndinu."

Mwayi wotere Nagama anali asanauonepo. Anabwereka pikapu, napita kumudzi kufupi ndi Lizulu kukatenga bambo ake.

"Ababa, ine ndimangoona kukongola, ndiye anthu amandipusitsa. Tiyeni mukakhale maso anga."

A Gama anavala jekete, natenga chipewa ndi ndodo.

"Ndipita. Koma chimene ndachiona ndidzachinena mmene chilili."

Ananyamuka Lolemba m'mawa. Pamsika uliwonse ankaima, m'mashedi a katundu wakale ankalowa, ndipo akamva kuti kwa mayi wamasiye wakutiwakuti kuli kabati ya makolo, ankakhota n'kutsata fumbi mpaka kukafika.

Ku Balaka munthu wina anawaonetsa mpando wakuda bii, nati unali wa mfumu ina imene inamwalira njanji isanafike. A Gama anaununkhiza. Unkamveka mwaye wa m'khitchini ndi oyilo wa galimoto. Anakanda ndi chikhadabo kunsi kwake, ndipo panaoneka paini woyera mbee.

"Mpando uwu ndi mng'ono wake wa mdzukulu wanga womaliza," anatero.

Ku Liwonde anapeza bokosi lodzaza timabowo, mwini wake nati ndi tizilombo ta zaka zana. A Gama anathyola kaudzu n'kulowetsa m'bowo limodzi. Kanalowa mowongoka mpaka kumapeto.

"Kachilombo sikayenda ngati msilikali. Kamakhotakhota, ndipo kamasiya ufa. Uwu ndi msomali wootcha pamoto."

"Madala," anadandaula wogulitsayo, "mwabwera kudzagula kapena kudzaweruza?"

"Zonse ziwiri, mwana wanga."

Zenizeni anazipezanso. Anagula sikelo ya mkuwa, belu la sukulu long'aluka mlomo, nyali ziwiri, ndi khasu losulidwa ndi osula akale. A Gama analamula kuti chilichonse chikulungidwe m'thumba lakelake, zolemera pansi, zosweka pamwamba. Nagama ankaseka akaona ogulitsa akubisa katundu wawo wabodza pongoona chipewa cha bambo ake chikutuluka m'galimoto. Koma tebulo silinapezeke. Lachinayi linawathera ku Zomba. Kuseka kuja kunachepa.

Lachisanu masana anafika pamsika wina pa msewu wopita ku Mulanje. Kumapeto kwa msikawo kunali shedi ya malata yodzaza mabedi ndi makabati otha ntchito. Pakati pa zimenezo panali tebulo, atasanjikapo mapoto ogulitsa. Linali lalitali kuposa munthu atagona, lofiira moderako, la madilowa asanu ndi imodzi ndi zogwirira za mkuwa.

Nagama anagwira pachifuwa. Mwini shediyo anaona, ndipo anachotsa mapoto mwachangu, napukuta tebulolo ndi malaya ake.

"Mayi, muli ndi diso. Ili si tebulo wamba, ndi mbiri. Linakwera sitima zitatu. Amuna makumi awiri analisenza pamutu kuchokera kudooko. Funafunani msomali, simuupeza ngakhale umodzi. Mmisiri wa kuno angathe zimenezi? Athu ano tebulo limayamba kugwedera lisanatuluke pakhomo."

A Gama anayandikira. Mtengowo anauzindikira nthawi yomweyo. Unali mbawa, ndipo mbawa sukwera sitima kubwera kuno. Anayedzamitsa ndodo, nawerama, napisa dzanja kunsi kwa tebulolo. Kunali kosalala ngati pamwamba. Kupala kumene munthu saona, ankaphunzitsa pa mishoni paja. Anatsitsa zala pa mwendo wakumbuyo, natsata m'mphepete mwake. Zalazo zinadziwa maso asanadziwe.

Tebulo limeneli analipanga ndi iwo.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, m'chaka chomaliza cha maphunziro. Ofesi ya esiteti ina ya tiyi ku Mulanje inaitanitsa tebulo, ndipo mphunzitsi, nkhalamba ya m'boma lomwelo yosadziwa kuseka, anapereka ntchitoyo kwa iwo ngati mayeso. Pogoba bowo lolowetsamo thabwa lakumbuyo, analakwitsa muyeso, nagoba pamalo posayenera. Panali mkati, kuseri kwa dilowa, poti palibe akanaona. Anasakaniza utuchi ndi guluu, namata, napaka vanishi. M'mawa mwake mphunzitsi anayenda mozungulira tebulolo akugogoda ndi chala. Atafika pamalopo anaima. Anatulutsa mpeni, nakolowola utuchi wonse anyamata onse akuona. Kenaka anawaponyera kachidutswa ka mkungudza.

"Dzenje wakumba wekha. Likwirire ngati munthu."

Anasema kachidutswako masiku atatu, akuyesa, akupala, akuyesanso, kufikira kanalowa kokha popanda guluu. Manyazi a tsiku limene lija sanawafotokozerepo munthu, ngakhale mkazi wawo.

Nagama anawerama pafupi nawo n'kunong'ona.

"Ababa, ndi lakale?"

"Ndi lakale."

"Si lopaka mwaye?"

"Ayi. Ndi ntchito yeniyeni."

"Basi, zakwana. Musaonjezere china."

Anatulutsa foni kuti aimbire bwana uja.

A Gama anaimirira pang'onopang'ono. Anaona nkhope ya mwana wawo ikuwala koyamba chichokereni ku Zomba. Anaona fumbi la masiku asanu m'tsitsi lake. Pakamwa pawo panali pasanatuluke bodza. Akanangokhala chete, tebulo likanakwera galimoto, zipinda makumi awiri zikanakhala za Nagama, ndipo chinsinsi chikanatsala pakati pa iwo ndi mphunzitsi amene anagona kalekale kumanda. Koma anadziwanso kuti mawa lake tebulolo lidzaima pofikira alendo, ndipo aliyense wolowa adzauzidwa kuti manja a kuno sangathe zotere. Bodzalo likanayenda ndi chidindo cha maso awo.

"Nagama, dikira. Usaimbe."

Anatembenukira kwa mwini shedi.

"Tebulo ili silinakwerepo sitima. Ndi mbawa wa m'mapiri omwewa. Ndinalipanga ndine."

Wogulitsayo anayang'ana jekete lothetheka m'zigongono, nayang'ana manja onjenjemera, naphulika kuseka. Anaitana anzake.

"Bwerani mudzamve! Agogo awa dzuwa lawalowa m'mutu. Mawa adzati phiri la Mulanje anaumba ndiwo!"

Anthu anasonkhana, amayi a tomato, okonza njinga, ogula ndi ongodutsa. Nagama anagwira mkono wa bambo ake.

"Ababa, chonde. Tiyeni tikakambirane m'galimoto."

A Gama sanasunthe. Anavula chipewa ngati munthu woima m'bwalo la milandu.

"Dilowa sindinatsegule ngakhale imodzi, nonse mwaona. Solola ya pansi kumanzere, uichotseretu. Usuzumire mkati, pa mwendo wakumbuyo. Upeza chigamba choyererako, kukula ngati bokosi la machesi. Ndi mkungudza. Pamenepo ndinalakwitsa ndili mnyamata. Ndinayesa kubisa ndi utuchi, aphunzitsi anandigwira, ndipo ndinakonza."

Wogulitsayo anasolola dilowayo akusekabe. Anagwada, nalowetsa mutu. Kuseka kunatha. Anakhala momwemo kanthawi, kenaka anatuluka ali ndi ukonde wa akangaude m'tsitsi.

"Chilipo," anatero motsitsa mawu.

Mayi wina wa tomato anamukankha, nagwada, nakanda chigambacho ndi chikhadabo n'kununkhiza chala chake.

"Mkungudza weniweni! Ukununkhirabe!"

"Chikankhe ndi chala chachikulu," anatero a Gama kwa wogulitsayo. "Kankha ndi mphamvu zako zonse. Chikugwedera?"

Munthuyo anakankha mpaka mitsempha inatuluka m'khosi.

"Ayi, bambo."

"Mulibe guluu mmenemo. Zaka zatsala pang'ono kukwana makumi asanu ndi limodzi."

Mayi uja analuluta. Mkulu wina wokonza njinga anapukuta dzanja pa buluku, nabwera kudzawapatsa moni ndi manja awiri. Anthu anayamba kugwada mmodzimmodzi kuti aone chigambacho, ngati kuti chinali chinthu chodabwitsa kuposa tebulo lonse.

Nagama anaima pambali, foni ili m'manja. Kenaka anaimba, anthu onse akumva.

"Bwana, tebulo ndalipeza, ndipo simudzaona lina lotere. Koma silochokera kutsidya kwa nyanja. Anapanga ndi mmisiri wa kuno."

Anamvetsera pang'ono, nati, "Chabwino, zikomo," n'kuika foni m'chikwama. Zipinda makumi awiri zinathera pomwepo.

"Mwandiphera malonda, ababa."

"Ndakuphera, mwana wanga."

"Mwatero basi?"

"Ndatero basi."

Nagama anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka analoza tebulolo, nauza mwini shedi kuti aitane amuna alikweze. Pa mtengo sanalimbane.

Atalimanga ndi zingwe, a Gama anakana kulowa kutsogolo. Anati msewu uli ndi maenje ndipo zingwe za masiku ano n'zosadalirika. Anawakweza kumbuyo, nakhala pa thumba pakati pa belu ndi sikelo, msana uli chilili, chipewa atachikanikiza kumutu, dzanja limodzi lili pa mbawa.

Nagama analiza galimoto. Anadutsa Zomba, natsika mapiri a Machinga. Pafupi ndi mlatho wa Liwonde wapolisi anawaimitsa, nazungulira galimoto, nasuzumira pazenera.

"Mayi, mwanyamula chiyani?"

"Katundu wakale."

"Tebulo lokongola chonchi mwalitenga kuti? Ndi la kunja?"

Nagama anayang'ana pagalasi. Anaona nkhalamba ija itakhala mowongoka, fumbi lili mbuu pa jekete.

"Ayi, ndi la konkuno," anayankha mokweza, kuti mawu afike kumbuyo. "Analipanga ndi mkulu wakhala apoyo. Ndi bambo anga."

Wapolisiyo anapita kumbuyo, nayang'ana tebulo, nayang'ana mwini ntchito, ndipo anawachitira sawatcha. A Gama anangogwira mlomo wa chipewa.

Tsono inu amene mwandimva, makamaka inu amene mukuphunzira ntchito, mvetsani. Chimene mukupanga lero chidzakhala ndi moyo kuposa mphamvu za manja anu. Chidzachoka m'manja mwanu, chidzayenda m'nyumba za anthu osakudziwani, ndipo tsiku lina mudzakumana nacho pamsika, ana anu ali pambali panu. Kulakwa mudzalakwa, pakuti palibe mmisiri amene sanagobepo bowo pamalo posayenera. Koma amene anamata ndi utuchi adzadutsa patali atazolika, ndipo ulemu wa ntchito yake adzaupereka kwa mlendo. Kalipentala uja anataya malonda a mwana wake, ndipo sindikuuzani kuti malondawo anabwerera, chifukwa sanabwerere. Chimene anatsala nacho ndi ichi: anatha kuima pakati pa anthu, kuloza pamene analakwa, n'kunena kuti, kankhani muone ngati pakugwedera.

Pitani mukapale ndi kunsi komwe. Dzenje limene mwakumba, likwirireni ngati anthu.